Mudzi wa ku Falansa umene sindinaupondepo

Nditangofika ku London ndinkagwira ntchito ku Croydon, m'nyumba yosamalira okalamba. Munali amayi ena ochokera ku Falansa, amene anakwatiwa kuno akadali mtsikana. Poti kwathu moni sathera pa munthu mmodzi, ndikawafunsa mmene adzukira ndinkafunsanso za akumudzi. Anzanga ankandiseka, amvekere ndikufunsa za anthu oti anafa kalekale.

Koma amayiwo ankayankha. Ndikamawapesa tsitsi pawindo, ankatsinzina n'kuyamba kuyenda m'mudzi mwawo. Ankayambira pachitsime, n'kudzera kwa wophika buledi, kwa mkazi woweta mbuzi amene ankatukwana ngakhale wansembe, mpaka kutchalitchi. Panja tramu, sitima yoyenda mumsewu, ikudutsa, ine ndili ku Falansa, fungo la udzu wouma lili m'mphuno. Ankati kale sukulu inkadzaza ana. Kenako nkhondo inatenga anyamata, tauni n'kudzatenga otsala, belu n'kumangolirira nyumba zotseka.

Mwana wawo wamkazi anandiuza kuti kumeneko kwangotsala nkhalamba zochepa. "Mudzi weniweni uli m'mutu mwa amayi basi," anatero.

Ndiye mutuwo unayamba kutaya anthu. Wophika buledi anasowa, sukulu nayo inasowa. Zinkandimvetsa chisoni ngati kuti ndi kwathu. Tsiku lina nditafunsa za akumudzi, anandigwira dzanja.

"Kulibe munthu," anatero. "Ndagogoda paliponse."

"Alipo, amayi," ndinatero. "Tiyeni tipite limodzi."

Ndinayambira pachitsime. Wa buledi ndinamubwezera, wa mbuzi ndinamubwezera ndi mwano wake womwe. Koma kuseri kwa tchalitchi anali asanandifikitseko, ndipo iwo ankadikira kuti ndipitirize. Ndinangoikamo akwathu ku Ntcheu, aja amene maliro awo ndinkangomvera pafoni. Malume ndinawakhazika pansi pa mtengo akulimbana ndi njinga yawo yosamva kukonza. Achemwali anga ndinawaika pabwalo akuyanika ufa pamphasa, uku akuingitsa nkhuku.

Amayiwo anamwetulira, maso ali chitsinzinire.

"Aja oyanika ufa," anandifunsa, "adzuka bwanji?"

Chipeso chinaima m'manja mwanga. Chimwalirire achemwali, palibe anali atandifunsapo za iwo.

"Adzuka bwino," ndinatero. "Akupereka moni."