Abiti Sidik ndi Kagetsi Kofiira

Abiti Sidik anakhala kwa Kalembo zaka makumi asanu ndi limodzi asanagonepo m'nyumba ya magetsi. Amuna awo atamwalira, mwana wawo Zulfa, mphunzitsi wa ku Liwonde, anawatenga kuti azikakhala naye. Anakwera minibasi ndi chikwama chimodzi, mkeka wopempherera ndi dengu lalikulu lomwe anakanitsitsa kulisiya.

Pasanathe sabata anamva kabokosi ka pakhoma kakulira. Zulfa anawauza kuti imeneyo ndi mita, ikudandaula kuti mayunitsi atsala pang'ono, ndipo pamwezi amagula katatu. Mayiwo zinawapweteka. Kumudzi ankati akamaliza kuphika, chikuni ankachizimitsa kuti mawa chidzagwirenso ntchito. Kuno babu ya kubafa inkayaka dzuwa lili pamutu.

Mu Okutobala banja lonse linapita ku ukwati kwa Nsamala, kuchoka Lachisanu kubwera Lamlungu. Omaliza kutuluka anali Abiti Sidik. Anazimitsa mababu ndi wailesi, kenako anaima pa firiji. Inkang'ung'udza yokha popanda woitsegula, ndiye anaizula pakhoma. Pobwerera, fungo linawalonjera ali pakhonde. Chambo chonse chomwe mkamwini wawo Abdulrahim anagula ku mlatho chinali chitawola.

Abiti Sidik sanadye tsiku limenelo. Mmawa Zulfa anawapeza akulongedza zovala, ati abwerere kwawo asanawononge zina. Abdulrahim, yemwe amagulitsa zipangizo za njinga pamsika, anali asanayankhulepo ndi apongozi ake maso ndi maso. Ankapereka moni ali kuseri kwa chitseko. Tsikulo anabwera nanjuta pakhomo pa chipinda chawo.

"Amayi, nsomba mu Shire zikadalimo," anatero. "Wakuba m'nyumba muno alipodi, kungoti inu mwagwira wosalakwa. Tiyeni timusake limodzi."

Anawaikira mpando pafupi ndi mita, n'kuwalozera kagetsi kofiira komwe kamaphethira. Anati kakamaphethira mofulumira ndiye kuti mayunitsi akuthamanga. Zulfa ankayatsa zinthu chimodzichimodzi. Firiji, kagetsi kanali phee, kuphethira mwaulesi. Wailesi chimodzimodzi. Atayatsa mbaula yamagetsi, ketulo ndi simbi, kanayamba kuphethira ngati diso lolowa fumbi. Abiti Sidik anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anapita kukamasula chikwama chawo.

Kuyambira pamenepo khitchini inasintha. Nyemba ankaziviika dzulo lake. Mmawa zikawira pang'ono, ankaphula poto, kumukulunga m'bulangete lakale n'kumuika m'dengu lija, ndipo pofika masana zinkakhala zitapsa zokha. Madzi a tiyi ankawiritsa kamodzi n'kuthira m'fulasiki. Kusita kunakhala kwa Lamlungu lokha, zovala zonse pamodzi, zopepuka kumapeto simbi itazimitsidwa kale. Mababu akale otentha aja anamuuza Zulfa, kuti akauze mwamuna wake, awasinthe ndi oyera osadya magetsi.

Tsiku lina Martina wa nyumba yoyandikana anabwera kudzabwereka sefa. Ataona dengu lofunditsidwa bwino pakona, anayamba kuyenda monyang'ama n'kunong'ona kuti sanamve zoti pabwera khanda.

"Iyayi mwanangu, yankhulani momasuka," anatero Abiti Sidik. "Ndi nyemba izo, sizidzuka."

Martina anaseka mpaka kukhala pansi, koma sabata yotsatira nayenso anagula dengu. Mwezi umenewo kwa Zulfa anagula mayunitsi kawiri, wotsatira kamodzi ndi kuwonjezera pang'ono. Azimayi a mumzerewo anayamba kumawaitana kuti akawaonere mita zawo. Amapita atavala mpango wawo woyera, n'kukhala pampando, n'kumalamula eni nyumba kuti ayatse ichi, azimitse icho. Salandira kanthu, kupatula tiyi.

Fauziya, mwana wa Zulfa, ndi adzukulu ena amawadandaula kuti agogo salola ngakhale tchaja kugona pakhoma. Koma m'mwezi wa Ramadani, Abdulrahim akabwera masana kuchokera kumsika atafooka ndi kutentha kwa Liwonde, amapeza fani ikuzungulira kale pabalaza, italoza pampando wake. Zulfa anawafunsapo mayi ake ngati fani sidya mayunitsi. Iwo anayankha kuti anaiyeza, imadya pang'ono, ndipo bambo a Fauziya asauzidwe amene amaiyatsa.