Mkuwa pa Chipilala cha Takisi

Tsiku loyamba pa galaja anaboola chitseko cha galimoto ya eni. Mabowo anayi. Chala chinkalowa.

Anali ndi zaka 44. Zaka 19 anazithera m'fakitale yopanga ngolo za malole, kuwotcherera zitsulo zonenepa ngati chikhatho. Fakitale itatsekedwa anakhala pakhomo chaka chathunthu. Mkazi wake ndiye anakapempha kwa mchimwene wake, mwini galaja yowongola magalimoto, kuti amupatseko kakona.

Mlamuyo ananyamula chitsekocho, n'kusuzumira pabowo ndi diso limodzi.

"Alamu, ndinati mutseke mng'alu. Sindinati muike mawindo."

Amakaniko anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iye anangovula magalasi akuda, n'kuwaika pansi.

Lata la galimoto si chitsulo cha ngolo. Ndi lopyapyala. Moto wa makina amagetsi ukachedwapo pang'ono, ladyeka. Likapulumuka, lapindika. Dzanja lake linazolowera kukankha moto, ndipo silinkamva. Mlamu anamulanda makina, n'kumupatsa sandipepa. Miyezi iwiri anakhala akupala penti, fumbi m'mphuno.

Kuseri kwa galaja kunali mkulu wina wokonza malediyeta, wosalankhulalankhula. Tsiku lina anamuitana. Anamuonetsa moto wa gasi, ndodo ya mkuwa, ndi ufa woyera woviikamo ndodoyo.

"Apa lata silisungunuka, achimwene. Mungolitenthetsa lifiire. Mkuwa uyenderera wokha."

Anayesa. Bowo panalibe. Mzere wachikasu, wosalala. Kuyambira pamenepo chilichonse mkuwa: madigadi, zitseko, boneti. Mlamu anamubwezera kakona kake.

Apa ndi pamene analakwa kachiwiri.

Kunabwera takisi ya mayi wina, itang'aluka chipilala chapakati, chija chimagwira denga ndi chitseko chakumbuyo. Anamata mkuwa. Anapaka penti. Galimoto inatuluka ikunyezimira.

Patatha milungu isanu ndi umodzi inabwerera. Penti yatuluka matuza. Chipilala chang'aluka pomwe paja. Chitseko chomangidwa ndi chingwe.

"Dzulo chatseguka chokha pokhota," anatero mayiyo, osakweza mawu. "Kumbuyo kunali munthu, mwana ali pamiyendo. Mukanakawauza chiyani abale ake?"

Iye anawerama kuyang'ana mng'aluwo.

Mkulu wa malediyeta anabwera, anakanda pamng'alupo ndi chikhadabo.

"Mkuwa umamata pamwamba basi. Pa kabowo ka dzimbiri, chabwino. Koma pomwe panyamula galimoto, chitsulo chisungunuke chilowane ndi chinzake. Ndipo ufa uja mukapanda kuutsuka, umadya penti."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munafunsa?"

Mlamu anamutengera pambali.

"Alamu, chibale ndi fupa, sichiola. Koma galaja imaola. Mayiwa atipatsa milungu iwiri. Ikatulukanso yolakwika, mundikhululukire, geti ndi ilo."

Masiku asanu ndi anayi takisiyo sanaikhudze. Anapita pa mulu wa zotaya, anatola zitseko zakutha. Kudula, kulumikiza. Kudula, kulumikiza. Moto wa gasi anauchepetsa mpaka kutsala kalilime. Mkuwa anauika padera, anatenga waya wachitsulo.

Tsiku loyamba, mabowo. Lachiwiri, mabowo. Lachinayi bowo silinaoneke, koma lata linapindika ngati tsamba louma.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anazindikira. Pa ngolo ankakoka mzere umodzi wautali osapuma. Lata silifuna zimenezo. Kadontho apa. Dumphani chikhatho chimodzi, kadontho kena. Dikirani pazizire. Khomani pang'ono ndi hamala. Bwererani pakati. Ntchito yake yaikulu inali kudikira, chinthu chimene zaka 19 sizinamuphunzitse.

Mlamu ankadutsa, kuyang'ana takisi, kuyang'ana mulu wa zitseko.

"Alamu, galimoto ya eni ili uku."

"Ndikuiona."

Tsiku lakhumi anaiyamba. Anadula paliponse pamene panali mkuwa, pakuti chitsulo sichigwira pamene mkuwa unadutsa. Analowetsa chigamba chatsopano mkati mwa chipilala, china kunja. Madontho, kudikira, hamala. Masiku atatu pa malo osaposa mkono. Zala zinapsa. Msana unauma.

Mayi uja atabwera, penti sanaiyang'ane n'komwe. Anamenyetsa chitseko kakhumi. Kenako analoza amakaniko atatu onenepa.

"Inu, inu, ndi inu. Kwerani kumbuyo."

Anawatengera ku msewu wa maenje kuseri kwa msika. Iye anatsala pageti, manja m'thumba. Mlamu anali pambali pake.

Takisi inabwera yafumbi, amakaniko akudandaula ziuno. Mayiyo anatsika, anapukuta chipilala ndi nsonga ya mpango, anayendetsapo chala kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Ndili ndi ina. Yaola pansi pa mpando wa dalaivala. Ndibweretsa Lolemba. Aigwire omwewa."

Lero mbali yonse yowongola malata pagalajapo ili m'manja mwake. Madalaivala amadikira sabata kuti galimoto yawo aigwire iye. Mkuwa amaugwiritsabe ntchito, koma pamalo pake.

Inu amene mwalakwa kawiri pa ntchito imodzi, ndipo anthu ayamba kukuonetsani geti, musathamangire kutuluka. Luso limene munali nalo kale mwina ndi lomwe likukupingani. Chepetsani moto, yambiraninso pa zotaya. Zaka 44 si mochedwa. Mtima wokhawo musautaye.