Mitundu Imene Chola Sanabe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume, omwe ankaitanitsa magalimoto ku Japan, anandibweretsera gemu yolumikiza ku TV. Ku Kafue Estates konse inali yoyamba. Mzere wa ana ofuna kungoigwira unkayambira pakhomo pathu mpaka kumlatho, ndipo mmodzi anafika kutsogolo atamera ndevu. Ndikulumbira, ndinamuona ndi maso angawa.

Mnzanga wapamtima anali Chola wa ku Nangongwe. Anandichonderera milungu itatu, ndiye Loweruka lina m'mawa ndinamubwereka gemuyo. Masana ndinapita kukaitenga. TV ya kwawo inali yakale, yamsana ngati chulu, yonunkha fumbi lotentha, koma nkhani inkaonetsa ndi mitundu yonse. Gemu yanga yokha ndi imene inatuluka yotuwa ngati phulusa, chithunzi chikuthamangira m'mwamba osapuma.

"Waiononga!" ndinakuwa, mpaka minibasi ziwiri zinaima pamsewu.

Bambo ake, ba Mulenga, anali atangoweruka ku fakitale ya feteleza.

"Iwe Chola, wachita chani ku chinthu cha bene, chosakhala chako?"

"Palibe, ba tata. Nangoika chabe nthambo."

Lamba anachoka m'chiuno. Ine ndinaima pakhomo, gemu ili kukhwapa, ndikugwedeza mutu ngati woweruza milandu.

Nditafika kwathu ndinailumikiza ku TV yathu yatsopano. Udzu wobiriwira, galimoto yofiira, zonse zinalipo. Ndinatseka makatani. Sabata yathunthu ndinasewera ndekha, mawu nditatsitsa, ana ndikuwauza kuti gemu yagonekedwa m'chipatala.

Amalume anandipezerera. Atamva nkhani yonse sanaseke. Anandifotokozera kuti gemu za ku Japan zimatumiza chithunzi m'njira yotchedwa NTSC, pomwe TV zakale za kuno zimangomva ina, yotchedwa PAL. Yathu inkamva zonse ziwiri. Ya ba Mulenga inkafuna kabokosi kosinthira, koika pakati pa gemu ndi TV. Anakagula ku Lusaka n'kundiika m'manja.

"Pita ukaike wekha. Bambo ake a Chola akhalepo."

Ulendo wa ku Nangongwe tsiku limenelo unanditengera zaka zinayi. Ndinalumikiza nthambo. Chithunzi chinaima, mitundu inabwera. Ba Mulenga anayang'ana TV, anayang'ana mwana wawo, kenako anatuluka panja, chipewa atachiiwala pampando.

Ndinatambasulira Chola chosewerera.

"Sewera weka, boyi," anatero, manja ali kumbuyo. "Ningaiononge futi."

Sanaigwirenso, ndipo kwathu sanapondeko mpaka tinamaliza sukulu.

Tsopano ndimamvetsa kuti kukuwa kuja kunali umbuli chabe, ndipo umbuli wa mwana umakhululukidwa. Chimene chimandiwotcha mpaka lero n'choti choonadi ndinachidziwa tsiku lomwelo, mikwingwirima ya Chola isanaphwe, ndipo ndinakhala nacho chete. Anthu amati ndimakokomeza nkhani zanga. Iyi yokha ndayesetsa kuichepetsa, yakana.