Nthanda Yobooledwa ndi Singano

Malemu akazi anga atadwala mpaka osathanso kutuluka panja, anandipempha chinthu chimodzi chokha: ndiwajambulire nthanda, nyenyezi ija ankaiona akamalawirira kumunda.

Nthawi imeneyo ndinali wojambula zithunzi pa Njuli, za maukwati ndi ubatizo. Kusukulu ya kwacha ndinali nditamva kuti nthanda si nyenyezi koma dziko lina, ndipo ndinawafotokozera zimenezo modzitama ndithu. M'mamawa ndinalozetsa kamera kumwamba n'kuwalitsa fulashi, ngati ndikujambula mkwatibwi.

Filimu itakatsukidwa ku Limbe, chithunzicho chinatuluka chakuda bii. Ndinakhala nacho pakhonde mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kubwereza ndikanatha, koma ndinali wotopa ndi matendawo, komanso manyazi anandigwira. Ndinatenga singano m'kachitini kawo kosokera, n'kuboola kabowo pakati pa mdimawo.

"Yatuluka bwino," ndinatero powapatsira.

Anachilozetsa kuwindo, kuwala n'kudutsa pakabowopo. Anachiyang'anitsitsa osaphethira.

"Ikuwala ndithu, abambo ake Esinati. Koma chaka chino yawonda."

Ndinavomera ndi mutu, ine mkulu wa mpingo wathunthu, n'kuwonjezera kuti n'chifukwa cha fumbi la m'chilimwe. Nditatembenuka kuti ndituluke, anandiitana ndi mawu otsika.

"Singanoyo mubwezere m'chitini. Ndi imodzi yomweyo."

Ndinabwezera. Filimu ina inalimo m'chikwama, ndipo nthanda inkatuluka tsiku lililonse pamwamba pa denga lathu. Ine ndinkangoti mawa, mawa, mpaka anatisiya.