Supuni ya m'kapu ya tiyi

Ndinapita ku Nairobi chifukwa cha ng'ala. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito kubungwe lina kumeneko, ndipo iye ndi mwamuna wake amakhala ku Ruaka, m'nyumba zosanjikizana. Dokotala anang'amba diso lamanja, lamanzere nkuti lidikire. Ine ndinkafuna kubwerera ku Ntcheu mvula isanagwe. Munda wanga sunadzalidwepo ndi munthu wina chimwalirireni mayi ake a mwanayu.

Mwana wanga anandiuza mosabisa.

"Adadi, ngati diso lang'ambidwali likuona, tikiti ilipo, mupita. Ngati silikuona, simupita kukakhala nokha."

"Likuona," ndinatero.

Linkaona kuwala ndi zinthu zikuluzikulu. Nkhope ya munthu inali ngati utsi. Koma njira ya kumunda ndimaidziwa ndi mapazi, ndipo sindinaone chifukwa choti mwana amene ndinamubereka ndekha azindilamula.

M'nyumbamo Lamulungu masana, akachoka kutchalitchi, ankaonera filimu. Pamenepo sanandipeze mlendo. Ndinayendetsapo vidiyo sho zaka zambiri pamsika wa kwathu, ndi jenereta ndi mabenchi. Filimu za ku India ife tinkangoti zonse ndi zachimwenye. Ku Nairobi ndi kumene mkamwini wanga anandiuza kuti zimasiyana: kuli za Chitamilu, kuli za Chimalayalamu, ndi zina. Mnzake wa kuntchito, wochokera ku India komweko, ndiye ankamusankhira.

Ine ndinasankha za Chitamilu, ndipo ndimazikondabe. Mwamuna akamalowa, ng'oma imakuuza kuti walowa. Woipa ali ndi mawu ake okhuthala. Chibakera chimamveka ngati chitseko chagalimoto. Akakondana amaimba, akalira zeze amalira nawo. Filimu yotere imalemekeza munthu amene wakhala benchi lakumbuyo. Za Azungu ndinazikana kalekale: amalankhulira m'mphuno, ndipo theka la filimu amakhala mumdima. Za ku Korea mwana wanga amazikonda, ine sindisiyanitsa wolira ndi wokwiya.

Za Chimalayalamu ndizo ndinkaziopa. Anthu ake amakhala pakhonde, mvula ikugwa, osalankhula. Nkhani yonse ili pankhope ndi m'manja. Zotsalazo zili m'timawu tachizungu tolembedwa m'munsi, timene ngakhale maso ali bwino sukulu yanga ya pulayimale siitithamangira. Choncho ndinkazinyoza mokweza.

"Izi si filimu, ndi maliro opanda nyimbo."

Mkamwini ankaseka nkuika ya Chitamilu. Mwana wanga sankaseka.

Lamulungu lomaliza ulendo wanga usanakwane, anatenga rimoti iye.

"Lero tionera yanga."

"Amayi, asiyeni bambo aonere ya ndewu, akupita," anatero mwamuna wake.

"Ayi. Adadi amadziwa mafilimu kuposa tonsefe. Ndikufuna ndimve maganizo awo pa iyi."

Anaika ya Chimalayalamu. Anandisunthira mpando pafupi, iye nkukhala pambali panga. Ndinkamva kuti sakuyang'ana kanema, akuyang'ana ine.

Ndinatchera khutu. Munali amuna awiri, wina wa mawu okalamba, wina wamng'ono. Anakangana pachiyambi. Mkamwini ananong'ona yekha kuti, "Pachibale pamavuta, nkhani ya malo," ndipo ndinatola pamenepo kuti ndi munthu ndi mng'ono wake. Ndinkagwedeza mutu pamene iwo akugwedeza. Iwo akati "hmm" nane ndinkati "hmm". Thukuta linkatsika m'khwapa ngakhale ku Ruaka kumazizira.

Kenaka filimu inangoti zii. Panja maminibasi aja amati matatu ankaimba mahutala, kondakitala akukuwa mitengo m'Chiswahili. M'kanemamo ndinamva madzi akuthiridwa m'kapu. Supuni inazungulira, ngwe ngwe ngwe, nthawi yaitali. Mapazi. Kapu inaikidwa patebulo. Wina anamwa.

"Mayo ine," anatero mkamwini.

Mwana wanga anaimitsa filimu.

"Adadi, mkuluyu wachita bwino?"

Ndikanatha kunena kuti ndinali kusinza. Ndikanatha kupita kuchimbudzi. Koma munthu amene waonetsa mafilimu kwa msika wonse sathawa funso la filimu.

"Wachita bwino," ndinatero. "Wamkulu ndiye amayamba kutsika. Mwakangana, chabwino, koma m'bale wako akabwera umamupatsa tiyi. Apa pokha filimuyi yanena zanzeru."

Mkamwini anayamba kuseka, akuyesa ndikuchita nthabwala. Anasiya msanga.

"Bambo," anatero motsitsa, "simunaone kabotolo kaja?"



"Wathira mankhwala ophera tizilombo m'tiyimo," anatero mwana wanga. "Botolo linadzaza kanema yense, Adadi. Lofiira. Analionetsa kawiri."

Mawu ake sanali okalipa. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anaika rimoti pansi, nkufunsa:

"Kunyumba kuja, botolo la mankhwala a mbewu ndi la mafuta ophikira zimakhala pati?"

Zimakhala pawindo limodzi. Iye amadziwa, anakulira m'nyumba imeneyo.

"Ndimazidziwa ndi fungo," ndinatero.

"Nanga mukadwala chimfine?"

Mkamwini ananyamuka kuti akaone ngati geti yatsekedwa, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndi mwana waulemu, sanafune kuona mpongozi wake akugonja.

Tinakhala awiri. Sindinapepese, ndipo iye sanandiuze kuti ndipepese.

"Muimbire mwana wa achemwali anga," ndinatero. "Adzale mbewu ya m'chigubu cha buluu, osati ya m'thumba. Mizere ayambire kumtunda. Akalakwitsa ndikazula."

"Ndiye mukhala?"

"Ndanena kuti umuimbire."

Tikiti anaisintha m'mawa mwake. Dokotala anapeza kuti kumbuyo kwa diso kunatupa, anandipatsa mankhwala odontheza, kenaka anang'ambanso linalo. Mvula inagwa ku Ntcheu ine ndili pamwamba pa nyumba za eni, ndikumvera pafoni. Mwana wa achemwali uja mizere anayambira kumunsi.

Maso atatseguka ndinauza mkamwini kuti andiikirenso filimu ija. Botolo ndinaliona. Ndinaonanso dzanja la mkulu uja likuzengereza pa supuni, ndi mng'ono wake akumuyang'ana asanamwe, ngati akudziwa. Opanga filimu amenewa ntchito amaidziwa, sindikana. Koma mkamwini atandifunsa ngati tsopano ndasintha maganizo, ndinamuuza kuti ayi. Kupha munthu popanda ngakhale ng'oma yochenjeza ndi kupanda ulemu kwa oonera. Anaika ya Chitamilu.