Phungu Wamatope

Kurumban anabadwira m'minda ya mpunga ya eni ake, ndipo akadafera momwemo osadziwika chikhala kuti Maharaja, mfumu yaikulu ya dziko lawo, sanasinthe malamulo a msonkhano wa aphungu. Kale munkalowa eni minda ndi amalonda okhaokha. Tsopano analamula kuti nawonso anthu osakhudzika, aja oti wolemekezeka akawayandikira amathamangira kukasamba, akhale ndi wowayankhulira mmodzi. Anzake analoza Kurumban, poti pamaliro ndiye anali mwini pakamwa.

Aphungu ankakumana kamodzi pachaka, ndipo aliyense ankaimirira kamodzi basi kupempha kwa nduna yaikulu. Kurumban pempho lake linali limodzi: ana a mtundu wake aloledwe kusukulu. Mwana wake wamkazi, Chirutha, ankakhalira kujambula pamchenga zilembo zomwe ankaziona pamatumba a mpunga, osadziwa kuti zikuti chiyani.

Chaka choyamba anagwa nayo chifukwa cha njira. Msewu wa kumsonkhano unkadutsa pakachisi, pomwe phazi lake silinkaloledwa, choncho anazungulira m'madambo. Anafika matope lekeza m'mawondo, dzina lake litaitanidwa kale.

"Aphungu, mwabwera kudzaokera mpunga muno?" anamugemula mlonda wa pakhomo.

Chaka chotsatira analawirira. Koma atangoimirira pamaso pa mabwana, dzanja lamanja linakwera lokha n'kutseka pakamwa, monga anamuphunzitsira ali mwana kuti mpweya wake usadetse akuluakulu. Anayankhula zogwira mtima zedi, koma zonse zinathera m'chikhatho. Nduna inatchera khutu, inadikira, kenako n'kuitana wina. Woseka aseke, koma zinali zomvetsa chisoni. Mantha oyamwira sazuka ngati dzino.

Mkazi wake, Kali, sanamunyengerere.

"Inu bambo a Chirutha, pamaliro mumabangula mudzi wonse kumva. Kumeneko mumakayamwa chala?"

"Iwe, maso a anthu aja sunawaone."

"Ndiye muzikayang'ana kudenga!"

Nyengo itakwananso, Kali anamumanga dzanjalo m'chiuno ndi chingwe cha makoko a kokonati, n'kubisa ndi nsalu. Lamanzere sanade nalo nkhawa, poti ndani angaike dzanja lamanzere pakamwa pagulu? Tsikulo mawu a Kurumban anamveka mpaka pakhonde. Eni minda anang'ung'udza, nduna inati nkhaniyo iunikidwa, ndipo inaunikidwadi mwa kayendedwe ka boma, chaka ndi chaka, mpaka mutu wa Kurumban unachita imvi. Kenako lamulo linatuluka.

Anathamanga ngati kamnyamata kukauza Chirutha. Anamupeza kumunda wa mabwana a mwamuna wake, atawerama m'madzi, khanda lake litagona pamthunzi.

"Mwanawe, atsegula! Sukulu ija atsegula!"

Chirutha anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

"Mwagwira ntchito, bambo," anatero mofatsa. "Koma tasunthirani uko, mukuponda mbande."