A Mapu pa bwalo lachilendo

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anagwira ntchito moyo wawo wonse m'sitolo yogulitsa magalasi a maso. Sanali dokotala. Dokotala ankakhala m'kachipinda ka kumbuyo ndi makina ake, alamu ali kutsogolo pakauntala, kusankhira anthu mafelemu, kupinda timiyendo ta magalasi kuti tigwire bwino kuseri kwa khutu, ndi kumanga tizitsulo tating'ono ngati mchenga. Ankavala jekete yoyera, ndipo kasitomala akawatchula kuti adokotala sankamutsutsa.

Masewera a gofu anawayamba imvi zitatuluka kale. Anawakokera kumeneko ndi loya wina amene ankabwera kudzawongoletsa magalasi ake. Loyayo anali ndi anzake awiri, dokotala wa mano ndi mkulu wina wamimba amene aliyense ankangomutcha Wamalole chifukwa cha bizinesi yake. Ankasewera anayi, koma wachinayiyo anali atasamukira kutali, ndiye pankafunika munthu wotseka mpata. Alamu sanaone kuti ndi mpata. Iwo anamva ngati aitanidwa kukakhala pakati pa akuluakulu.

Kuyambira pamenepo kunyumba kunasanduka kogona basi. Loya akabwera kudzawatenga, achemwali ankauzidwa kuti aike tiyi patebulo n'kuchoka. Tsiku lina anangofunsa kuti kodi kampira kakang'ono choncho kamathera bwanji tsiku lonse, alamu n'kuwayankha pamaso pa alendo kuti zinthu zina zimafuna mutu, iwo aziona za mbale. Tsiku limene achemwali anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, alamu anali pa ulendo wa gofu. Anati malo ogona anali atasungitsa kale ndipo anzawo sakanasewera atatu. Kuchipatala ndinakawatenga ndine. M'galimoto achemwali sanayankhule za amuna awo, ndipo sanadzayankhuleponso za tsikulo.

Pamasewera penipeni alamu sanali katswiri. Mpira wawo sunkapita patali, kungoti sunkasochera. Ukulu wawo unkaoneka pa maulendo. Anthu anayiwo ankakonda kupita kukasewera m'mabwalo akutali amene sanawapondepo, ndipo zonse zinkagwera alamu: kuimba mafoni, kupeza malo ogona, kulongedza zikwama za ndodo kumbuyo kwa galimoto, kuyendetsa. Pamwamba pa zonsezo ankapereka malangizo, kuyambira pageti mpaka kukafika. N'chifukwa chake dokotala wa mano anawapatsa dzina loti a Mapu, ndipo iwo analilandira ngati mendulo.

Malangizowo ndinawamva kambirimbiri patebulo la kunyumba kwawo, ngakhale ine ndodo ya gofu sindinaigwirepo. Ankati mlendo salowa m'nyumba ya eni ake akuthamanga, ndiye pa dzenje loyamba tenga ndodo yaifupi, mpira ukhale pakapinga, mtima ukhazikike. Ankati fika msanga ukagubuduze kaye mipira ingapo poyeserera, chifukwa udzu wa kwa eni uli ndi liwiro lake. Wotchetcha udzu ukamuona umupatse moni n'kumufunsa kumene mphepo imachokera dzuwa likapendeka, paja safunsa anadya phula. Mbendera ya padzenje usalimbane nayo, loza pakati. Ndipo chimene ankachibwereza koposa, chala chili m'mwamba, chinali ichi:

"Chimene sukuchiona usachidumphe. Kuseri kwa chitunda kumakhala dziwe."

Anzawo ankawayeserera mayankhulidwe iwo ali pomwepo, Wamalole atakweza chala ngati mlaliki. Koma akafika pabwalo malangizowo ankawatsata mwakachetechete. Kumalo ogona chipinda choyandikana ndi khitchini, cha phokoso la mapoto, chinkakhala cha a Mapu. Iwo ankabwera kunyumba n'kutiuza kuti anachita kusankha okha chifukwa amadzuka msanga.

Kenako matenda a shuga anafika m'maso. Kusitolo tizitsulo tinayamba kuwagwa, n'kumatifufuza pansi ndi chikhatho. Dokotala wa m'kachipinda anawauza kuti akhale pa makina awaone, iwo anati n'kutopa chabe. Anasintha magalasi awo kangapo, akuchita kutenga okha pashelefu, koma chimbuuzi sichinachoke. Chiwongolero anachisiyira Wamalole ponamizira msana. Pa bwalo la kwawo palibe anazindikira kanthu, chifukwa mtengo uliwonse ndi dzenje lililonse la mchenga ankalidziwa ndi mapazi.

Chinawaulula ndi ulendo wa ku bwalo lina la m'mapiri, la zitunda ndi maiwe ndi mitengo italiitali. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva mbali ziwiri: kwa alamu eni ake, ndi kwa Wamalole, amene mpaka lero amazifotokoza misozi ya kuseka ili mbwee.

Atamenya mpira woyamba, alamu anafunsa kuti wagwera pati, ati dzuwa lawathobwa m'maso. Wachiwiri anafunsanso. Wachitatu dzuwa linali kumbuyo kwawo, koma anafunsabe. Dokotala wa mano analoza kumanzere pamene mpira unali utapita kumanja, poyera, wowala ngati dzira. Alamu anakoka ngolo yawo ya ndodo n'kulowa m'tchire la kumanzere, n'kuyamba kupapasa udzu ndi nsapato. Atatu aja anangoyang'anana. Dokotala anatola mpira uja n'kuuika m'thumba, n'kuwauza kuti watayika, atenge wina.

Kuchokera apo gofu anaiwalika, a Mapu ndiwo anasanduka choseweretsa. Anawalozera mtengo woyera wa malire ati ndiyo mbendera. Pena anawauza kuti kutsogolo kulibe madzi, amenye ndi mtima wonse, ndipo mpira utamveka kuti chubwi, Wamalole anati ameneyo ndi chule. Alamu anakayika, anaima ndodo ili m'manja, koma kunena kuti sindikuona kunawalemera kuposa kunamizidwa. Loya anawagwira paphewa n'kuwauza mofatsa kuti azifunsa momasuka, anzawo alipo.

Cha kumapeto kunali dzenje lalifupi, lobisika kuseri kwa chitunda, loti wodziwa amafikako ndi kumenya kumodzi. Alamu anamenya molakwika, mpira unangokwawa n'kulowa m'zitsamba za pafupi. Loya anati wapita bwino, wawoloka chitunda. Dokotala wa mano ananena kuti akataye madzi, n'kutsogola mothamanga, Wamalole akumutsatira ndi foni m'manja. Mpira wa m'thumba uja, umene unali ndi kadontho kofiira kamene alamu ankalemba pa mipira yawo, anauponya m'dzenje. Onse atafika anayerekeza kufunafuna uku ndi uku, mpaka loya anati, bwanji a Mapu angosuzumira m'dzenjemo.

Anagwada n'kupisa dzanja. Atautulutsa anausendeza pafupi ndi mphuno kuti aone kadontho kaja. Kulowetsa mpira m'dzenje ndi kumenya kumodzi ndi chinthu chimene osewera ambiri amafa asanachione. Alamu analira ali chogwada, mapewa akugwedezeka, munthu amene pa maliro a amayi ake enieni sanagwetse msozi. Anzawo anawadzutsa, kuwakumbatira, foni ikujambulabe.

Kunyumba mpirawo anauika m'kabokosi ka galasi kochokera kusitolo, pamwamba pa kabati ya pabalaza. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankamva nkhani yake, ngakhale wowerenga mita ya madzi. Masiku amenewo anafewa mtima mpaka anawagulira achemwali nsapato, zazikulu pang'ono. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kumapeto kwa chaka kalabu yawo inali ndi chakudya cha masana cha mamembala onse. Loya anawauza kuti kudzakhala mphatso yapadera, abwere ndi akubanja. Kwa nthawi yoyamba achemwali analowa pageti la kalabu, ine ndili nawo monga woyendetsa galimoto. Alamu anavala suti ya ukwati wa mwana wawo. Anatikhazika patebulo la kutsogolo, moyang'anizana ndi TV yaikulu ya pakhoma.

Mbale zitachotsedwa loya anaimirira. Anayankhula bwino, monga mwa ntchito yake, za munthu amene wawatsogolera m'mabwalo achilendo zaka zambiri, n'kunena kuti anthu adzionere okha. Kanema uja anayamba. Wamalole sanajambule za padzenje zokha, anali atayamba kale kutchire kuja. Holo yonse inaphulika. Ena ankamenya matebulo, mayi wina anatsamwa ndi chakumwa.

Alamu TV sankaiona. Ankangoona kuwala kukusinthasintha. Atamva kuseka anaseka nawo, akuwomba m'manja, kutembenukira uku ndi uku ndi kugwedeza mutu mothokoza. Zimenezo zinawonjezera moto. Patapita kanthawi anaona kuti kusekako kwatalika, ndipo anaweramira kwa achemwali.

"Kodi akuonetsa pati, mayi?"

Achemwali sananong'one. Anayankha ndi mawu amene amawerengera mndandanda wa zogula, maso ali pa TV.

"Akuonetsa mukupalasa m'tchire ngati nkhuku, mpira uli kwina. Apa mwamenyera m'madzi. Apa adokotala a mano atulutsa mpira wanu m'thumba. Auponya m'dzenje. Apa mwagwada. Mukulira tsopano."

Manja a alamu anaima m'malere, kenako anatsika pang'onopang'ono n'kukhala pa maondo. Loya anawaitana kuti alandire mphatso. Ndinawagwira mkono kuti tizipita, koma anandikankha n'kuimirira. Anayenda okha mpaka kutsogolo, n'kugunda mpando umodzi panjira. Chimene anawaika m'manja chinali ndodo yoyera ya anthu osaona, atakulunga riboni yofiira. Anaipapasa kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Kuseka kunali kutazilala, ena akuyang'ana m'matambula awo. Alamu anawerama pang'ono monga ankachitira ndi makasitomala, n'kunena kuti zikomo.

Pakhomo Wamalole anatipeza akupukutabe m'maso. Anati tisazitengere kumtima, anthu ocheza amatero, ndiponso anawathandiza, chifukwa munthu wouma mutu chonchi ukanamuuza bwanji kuti apite kuchipatala.

Kanemayo anayenda m'mafoni mpaka anafika kwa mwini sitolo. Iyeyo anati wogulitsa magalasi wosaona ndi nthabwala imene bizinesi yake singaikwanitse, ndipo alamu anapumitsidwa mwezi womwewo. Kuchipatala anati abwera mochedwa, chimene chatsala n'kuteteza kuwala pang'ono kumene kulipo. Kukalabu sanapondekonso. Atatu aja anapeza wachinayi msanga, mkamwini wa loya. Tsiku lina loya anaimba foni kufunsa za bwalo lina la m'mbali mwa mtsinje limene alamu anapitako kalekale. Ndinali pomwepo, ndikuyembekezera kuti amutukwana. Iwo anaimirira, kukonza kolala, n'kumufotokozera zonse, za mphepo, za mchenga, za malo ogona abwino. Atamaliza anafunsa kuti kodi ulendowo ndi wa liti, koma foni inali itaduka.

Achemwali amawasamalira mosaphonya. Jekeseni pa nthawi yake, chakudya chopanda shuga, malaya ositidwa. Mawu okha ndiwo amawayeza ngati mankhwala. Kabokosi ka mpira sanakachotse pakabati. Amakapukuta fumbi, ndipo mlendo akafunsa amati afunse bambo, ndi amene akudziwa nkhani yake.

Ndodo za gofu zinkakhala m'chikwama chake pakona ya pabalaza, chotsekedwa ndi chivundikiro cha zipi. Tsiku lina ine nditapita ndi alamu kuchipatala, loya anafika kunyumba n'kunena kuti mkamwini wake akusewera ndi ndodo zobwereka, pamene zina zikungochita dzimbiri. Achemwali anazisolola zonse n'kumupatsa. M'chikwamamo anaikamo mipini ya zokolopera ndi zitsulo zakale za makatani, n'kutseka zipi.

Chikwamacho chikadali pakonapo. Alamu akamachoka kuchipinda kupita pampando wawo wa pawindo amachigwira pamwamba kuti adziwe pokhotera, ndipo zitsulo za makatani zimalira mosiyana ndi ndodo za gofu. Munthu amene anazinyamula zaka zonse zija sangalephere kumva kusiyanako. Sanafunsepo, ndipo zipiyo sanaitsegulepo.